Ndinapatsa mwana wanga supuni m'malo mwa sipanala

Aphungu,

Ena amakulemberani kuti "Agogo", koma ine sindingayerekeze, chifukwa mwina pamene inu munkaphunzira kukwawa ine ndinali nditayamba kale kumeta ndevu. Mundikhululukirenso zilembo zangazi. Sukulu ndinalekezera kalasi yachisanu, ndipo aphunzitsi atamva kuti ndasiya, akuti anagona tulo tabwino koyamba m'zaka zisanu.

Ndine nkhalamba ya zaka 68. Ndagwira ntchito yaumakaniko pa depoti ya mabasi zaka 39, ndipo zaka khumi ndi zisanu zomalizira ndinali kapitawo. Kumeneko dzina langa lenileni amalidziwa ndi a ku ofesi okha. Ena onse amanditcha Wayilesi, poti pakamwa panga palibe batani lozimitsira. Ndinaseketsapo anthu pamaliro mpaka abusa kubisa nkhope m'buku la nyimbo. Malemu akazi anga ankati, "Inu, tsiku lina nthabwala zanuzi zidzakulumani." Ine n'kumati, "Zilibe mano, mayi, zatengera mwini wake." Lero zandiluma, Aphungu, ndipo woti andiuze kuti "ndinkanena ine" kulibe.

Ndili ndi ana atatu, amuna awiri ndi wamkazi mmodzi. Amunawo akaona girisi amathawa ngati aona matenda. Wina amagulitsa mafoni, wina ndi mlaliki. Wamkaziyo ndiye anabadwa ndi manja anga. Ali wamng'ono, Loweruka ankandibweretsera chakudya chamasana kugalaja, ndipo m'malo mobwerera kunyumba ankanjuta m'mphepete mwa dzenje lokonzerapo mabasi n'kumandipatsira masipanala. Ndisanatchule nambala, sipanala yafika kale m'manja. Pobwerera diresi ili bii, mayi ake n'kumazazira ine. Ndinamutcha Kagirisi, dzina n'kumukakamira. Kwa anzanga ndinkati, "Uyu Mulungu anali atayamba kuumba mnyamata, kenaka magetsi anazima." Anthu ankaseka. Iyenso ankaseka, ndipo ankayamba ndiye. Nthabwala yanga ikakhala yozizira, yoti ngakhale galu sangagwedezere mchira, mwana wanga ankaseka basi kuti bambo ake asachite manyazi.

Atamaliza sukulu ya zaumisiri anabwera ndi mapepala ake kudepoti. Akuluakulu a nthawi imeneyo anati malo a makaniko wamkazi palibe, ngakhale chimbudzi cha akazi kugalaja kulibe, koma malo a wophika tiyi alipo. Anavomera. Zaka zinayi mwana wanga ankayenda ndi thireyi ya makapu, satifiketi ili m'chikwama, akutakasira shuga amuna amene ena mwa iwo sankatha n'kumasula pulagi komwe. Akatha kutsuka makapu ankavala ovolosi yanga yakale, atapinda miyendo katatu, n'kutsikira m'dzenje. Atamulemba umakaniko, anakhalanso zaka zingapo akulandira zochepa kuposa amuna amene iye ankawakonzera zolakwa zawo. Ine ndinkaziona. Ndinkati zidzatha zokha, ngati chimfine.

Ndikuuzeni chinthu chimene sindinauzepo munthu. Chaka china basi ina inali yoti inyamule ana asukulu paulendo wautali. Ine ndinali nditaiona kale, ndati ili bwino. Kagirisi podutsa anagogoda gudumu lakutsogolo ndi kahamala, n'kuima. Anati, "Bambo, ili likulira ngati mbale yong'aluka." Ndinamuseka, ndati makutu ake adzaza thovu la sopo wotsukira makapu. Anakakamira mpaka tinamasula. Chitsulo chogwira gudumu chinali chitang'aluka, chatsala pang'ono kuthyoka. Bwana manejala atabwera anagwira dzanja langa pamaso pa onse, nati, "A Wayilesi, makutu anu ndi agolide." Ine ndinati, "Ndimawatsuka ndi dizilo, bwana." Anthu anaseka. Mwana wanga anali pambali akupukuta manja. Sanaulule mpaka lero.

Tsopano mumve za sipanala. Pagalaja pathu pali sipanala imodzi yaitali ngati mkono, yokhala m'bokosi lofiira. Ndi yomangira manati a magudumu komaliza. Nati ikafika pamlingo wake, sipanalayo imalira kuti "tha!" ndipo zikatero palibenso wotsutsa. N'chifukwa chake timaitcha Mawu Omaliza. Amaigwira ndi kapitawo yekha. Akamaliza kumanga amalemba chizindikiro chake ndi choko patayala, ndipo dalaivala sakhudza chiwongolero asanaone chokocho. Kapitawo akamapuma pantchito amaipereka m'manja mwa womulowa m'malo, anthu onse akuona. Inenso ndinailandira motero. Kalata ya ku ofesi inene zonena zake, koma kwa amakaniko ndi madalaivala kapitawo ndi amene walandira sipanala imeneyo.

Nthawi yanga yopuma itakwana, ofuna udindowo analipo awiri: mwana wanga ndi a Ndevu, mnzanga wa zaka makumi atatu, amene tinkadulirana ndudu imodzi pakati. Bwana manejala anandifunsa maganizo. Ndinati a Ndevu adikira nthawi yaitali, mtsikanayu akadali mwana, nthawi yake idzafika. Koma anawayesa mayeso onse awiri, papepala ndi painjini, ndipo Kagirisi anawasiya a Ndevu kutali ngati basi yopitirira ngolo. Anasankha iye, mkazi woyamba kukhala kapitawo chimangireni depotiyo. Ndinanyada, Aphungu, musandione choncho. Kwa wometa tsitsi ndinaikamba nkhaniyi ndikugwedeza mutu mpaka anandicheka khutu.

Tsiku lotsanzikana linali Lachisanu masana. Anaika mabenchi m'galaja, zakumwa zili m'mabeseni. M'mawa wake Satana wa nthabwala anandinong'oneza. Ndinachotsa sipanala m'bokosi, n'kuikamo kasupuni ka malemu akazi anga, kamene ankanditakasira nako tiyi moyo wathu wonse, nditakakulunga m'manyuzipepala asanu ndi awiri. Sipanala yeniyeniyo ndinapatsa a Ndevu kuti aibise kumbuyo, anthu akaseka pang'ono aitulutse, ine ndiipereke bwinobwino. Mawu oti ndinene ndinali nditawakonza kale, abwino, oti ngakhale ine ndemwe ndikanagwetsa msozi.

Mwana wanga anabwera kutsogolo atavala ovolosi yatsopano yositasita. Analandira bokosi ndi manja awiri. Anamasula pepala loyamba, lachiwiri, akumwetulira, poti bambo ake amawadziwa. Kasupuni katatulukira, ine ndinati, "Akapitawo, chida chanu ndi chimenecho. Mashuga awiri kwa aliyense, a Ndevu atatu."

Galaja yonse inafa nalo phwete. Madalaivala ankamenya mabenchi. Ngakhale bwana manejala anagwira pamimba. Chibadwire sindinaseketsepo anthu ngati tsiku limenelo, ndipo ndinaledzera nako. Ndinawonjezera nthabwala ina, n'kuwonjezeranso ina. Pamene ndimatembenuka kuti tsopano ndipereke chenichenicho, mwana wanga anali ataika kasupuni m'thumba la pachifuwa. Anati, "Zikomo, Bambo," n'kutuluka. Sanathamange, sanalire. Anangoyenda pakati pa mabenchi mpaka kunja. A Ndevu anatsala ataima, Mawu Omaliza ali m'manja, anthu onse akuwaona. Dalaivala wina anakuwa, "Basi, yapeza mwini wake!" Anthu n'kuwomba m'manja. A Ndevu anati, "Ndimusungira, mtima ukatsika adzatenga." Papita miyezi inayi akusungabe.

Zimene zikuchitika kumeneko ndimazimva kwa mkamwini wanga, mphunzitsi wofatsa amene amandiuza akuyang'ana nsapato zake. Mwana wanga tsopano dzina lake ndi Mayi Supuni. Akamadutsa nthawi ya tiyi, amuna akuluakulu a zidzukulu amagogoda makapu ndi masupuni, ngwe ngwe ngwe. M'mawa madalaivala amaimika mabasi kwa a Ndevu, a Ndevu amange, alembe choko chawo, basi ituluke. Kenaka pepala limapita kwa kapitawo kuti asaine kuti waona. Iye amakana kusainira gudumu limene sanaligwire. Anaitanitsa sipanala yatsopano, yabwino kuposa yakaleyo, koma akamabwereza kumanga madalaivala amati akuwachedwetsa, a Ndevu amati akuwanyoza. Mabasi akutuluka mochedwa, okwera akudandaula, ndipo ku ofesi ayamba kunong'onezana kuti mwina anafulumira kuika mkazi. Pa atsikana awiri amene analowa umakaniko poona iye, mmodzi wasiya kale.

Tsiku lina m'mawa ndinapita kukasuzumira pampanda, nditabisala kuseri kwa kagolosale ngati wakuba nkhuku. Ndinaona mwana wanga akuzungulira basi yekhayekha ndi sipanala yake yatsopano, nati ndi nati, dalaivala akumuimbira hutala. Amakaniko asanu ndi mmodzi amene ndinawaphunzitsa ndi manja anga anali atapinda manja, akuonerera. Pa gudumu lakumbuyo anapeza nati imodzi yosalimba, patayala pali kale choko cha a Ndevu. Sanaitane munthu kuti adzaone. Anangoimanga, n'kupita ku gudumu lina. Ndinabwerera kunyumba osapatsa moni aliyense panjira, mpaka mayi wogulitsa makala anafunsa ngati ndikudwala.

Sabata yatha mkamwini anandiuza kuti mwana wanga walemba kale kalata yotula pansi udindo, ili m'Baibulo, ikudikira tsiku lomaliza la mwezi uno. Zaka makumi awiri za thukuta, ine ndazitakasa ndi kasupuni kamodzi.

Ndayesa kukonza, koma mwa njira yanga. Ndinapita kunyumba kwa a Ndevu. Ndinati, "Achimwene, katundu wa eni uja bwanji?" Iwo anati, "Wayilesi, unandipatsa wekha ndi manja ako awiri. Komanso kwa manejala unatchula dzina la yani?" Ndinaseka. Tangoganizani, ndinaseka! Ndinabweza nthabwala, iwo anabweza ina, tinamwa tiyi, ndinabwerako chimanjamanja.

Mwana wanga sanandinyanyale. Akanatero bwenzi zili bwinoko. Lamlungu lililonse masana amabwera, amandiikira mapiritsi a sabata yonse m'kabotolo, amasintha nsalu za pabedi, amafunsa za bondo. Amandipangira tiyi, amatulutsa kasupuni kaja m'chikwama chake, amatakasa, amakatsuka, n'kukabwezeranso m'chikwama. Osaseka. Ndayesa nthabwala zonse, za abusa, za bondo langa, za mkamwini ndi nsapato zake. Amangoti, "Chabwino, Bambo." Tsiku lina ndinalimba mtima kuti ndipepese. Ndinayamba bwino, "Mwana wanga, za tsiku lija..." koma pakamwa panandithawa, ndinamaliza kuti, "...uziyamika kuti sindinaikemo sefa." Anati, "Bambo, enawo akamandiseka ndimati sakundidziwa. Inu mumandidziwa." Anatenga chikwama n'kumapita. Ndinakhala pampando mpaka tiyi anazizira, ntchentche n'kugweramo, ndipo ngakhale ntchentcheyo sindinaiuze kanthu.

Masiku atsala khumi ndi awiri. Ndili ndi maganizo awiri. Loyamba, ndikabe sipanala ija, poti loko wa kabati ya a Ndevu ndinaika ndine. Lachiwiri, ndipite nthawi ya tiyi ndi chisupuni chachikulu chokulungakulunga, ndikawapatse a Ndevu pamaso pa onse kuti dzina lisamukire kwa iwo. Anthu ndikudziwa angaseke. Koma mwana wanga angaseke kodi? Mayi ake akanakhalapo akanandiuza chochita, atayamba andizazira. Ndithandizeni. Sindikupempha kuti andikhululukire. Ndikungofuna kalata ija isatuluke m'Baibulo.

Z.P.M., kuseri kwa depoti

A Wayilesi,

Kalata yanu ndaseka nayo katatu, ndipo kachitatuko ndachita manyazi, pozindikira kuti ndakhala pa benchi limodzi ndi madalaivala aja. Mphatso muli nayo. Koma lero zimitsani kaye, ndilankhule ine.

Maganizo anu awiriwo atayeni kudzala. Mukaba sipanala, mawa lake adzati Mayi Supuni atuma bambo awo kukathyola loko. Mukapita ndi chisupuni, anthu adzaseka, inu mudzaledzeranso, ndipo nkhani ya supuni idzapeza moyo wina wa chaka chathunthu. Moto sazimitsa ndi petulo, inu makaniko mukudziwa.

Tsopano chowawa. Mukuti Satana anakunong'onezani m'mawa umodzi. Ayi bambo, musamunamizire. Kasupuniko munayamba kukakulunga kalekale. Pepala loyamba ndi lija la magetsi kuzima. Lina ndi zaka zimene munkamuona akulandira zochepa inu n'kumati ndi chimfine. Lina ndi dzanja la manejala limene munalandira pa gudumu limene anamva ndi iye. Ndipo pamene munatcha "mwana" munthu wa zaka makumi awiri pantchito, mayi wa pabanja pake, apo simunkaseka ayi, munali m'ofesi chitseko chili chotseka. Amuna a pagalajapo sanaphunzire kwa a Ndevu kumupeputsa. Anaphunzira kwa kapitawo wawo. Ndikukhulupirira kuti mumamukonda komanso mumamunyadira. Koma kunyada kwanuko anakumva ndi wometa tsitsi. Mwini wake anamva za mashuga awiri.

Musadikire Lamlungu. Mupite kwawo inuyo, mawa. Popeza pakamwa panu pamakuthawani, lembani papepala monga mwandilembera ine, koma mizere isanu yokha, yopanda mchira. Mukawerenge, mukafika kumapeto mutseke pakamwa, ngakhale chete akuyabweni bwanji. Munene zonse, ndi za kwa manejala zomwe. Poti a Ndevu akuzidziwa, mwina iyenso anazimva kale kwa ena, ndipo akudikira kuzimva kwa inu. Kenaka mumufunse kuti, "Ndikufuna ndikakonze pamaso pa anthu. Ukundilola?" Funso limeneli musalidumphe. Iye ndi kapitawo. Bambo kungotulukira pagalaja kudzamumenyera nkhondo osamuuza, ndiko kumubwezanso m'mphepete mwa dzenje kuti azipatsira masipanala.

Akalola, pitani kwa a Ndevu, ndipo tiyi wawo musamwe. Sipanalayo si yawo, si yanunso, ndi ya udindo. Auzeni tsiku ndi ola limene idzaperekedwe kwa mwini wake. Asankhe okha: aibweretse ngati munthu wamkulu, kapena aitulutse manejala atalamula. Ubwenzi wa zaka makumi atatu ukathera pamenepa, ndiye kuti unali wa ndudu basi.

Manejala mukamuonenso. Mukabweze mawu anu aja, mukamuuze kuti makutu agolide anali a yani. Koma za mabasi otuluka ndi choko cha munthu amene si kapitawo, akalembe ndi mwana wanu, ndi dzina lake ndi udindo wake, ndipo nati yosalimba imene munaona pampanda ija ikalowemo. Imeneyo si nkhani ya m'banja, ndi ya miyoyo ya okwera. Akuluakulu amene anamuika pampando, n'kuseka nawo, n'kumusiya yekha, ali ndi mbali yawo yoti ayankhe. Kukana kusainira gudumu limene sanaligwire si kuvuta ayi. Ukapitawo wake ndi umenewo.

Munalakwira pagulu, mukakonzere pagulu: galaja yomweyo, mabenchi omwewo, nthawi ya tiyi. Mukakambe nkhani ya basi ya ana asukulu mmene inayendera, osadziikira kumbuyo. Anthu adzakhala akudikira poseka. Wina adzakukodolani, wina adzagogoda kapu, ndipo nthabwala yokoma kuposa zonse idzafika pansonga ya lilime lanu. Mayeso anu ali pamenepo. Imezeni. Anthu amene kwa zaka 39 sanamuonepo Wayilesi atasowa choseketsa, tsiku limenelo adzamva kuposa mmene angamvere kalata khumi za ku ofesi. Mupereke sipanalayo ndi manja awiri, mumutchule "akapitawo" osamwetulira, mukakhale pansi.

Chenjezo langa ndi ili. Mungachite zonsezi kalata ija n'kutulukabe m'Baibulo. Miyezi inayi ya ngwe ngwe ngwe imatopetsa, ndipo akasankha kukagwira kwina kumene sadzayamba tsiku ndi kupempha ulemu, ndi ufulu wake. Musamuchonderere kuti apirire pofuna kuti mtima wanu upepuke. Kachiteni chifukwa ndi zoona, osati kuti mugule nazo kuseka kwake. Ndipo kasupuni ka mayi ake musakapemphe. Kadzabwerera m'kabati tsiku limene iye adzafune. Kufikira tsiku limenelo, imwani tiyi wanu mwakachetechete, bambo, mawu omaliza musiyire mwana wanu.